N'chifukwa Chiyani Mankhwala a Chimfine Amagonetsa?

Ikafika miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, pamene mphepo imauluza fumbi ndipo mitengo ya mango ili maluwa okhaokha, timapilitsi tachikasu totchedwa Piriton timayenda malonda m'mafamase. Wina mphuno zikuchucha, wina akuyetsemula mosalekeza, wina thupi latuluka ziwengo atadya chakudya chosamuyanja. Akameza kamodzi ka mamiligalamu 4, pakangotha ola limodzi mamina aphwa, kuyabwa kwazilala. Koma zikope nazo zalemera. Mphunzitsi ayamba kuyasamula phunziro lili mkati, telala akusinza pa makina, ndipo wina akafunsa chavuta n'chiyani, yankho lake n'lodziwikiratu: "Ndamwa Piriton."

Zoti mankhwalawa amagonetsa, ngakhale mwana amadziwa. Chimene ambiri sadzifunsa n'chakuti mankhwala a mphuno ndi khungu akukatani ku tulo. Asayansi nawo funsoli linawazunguza mutu kwa zaka pafupifupi 40, ndipo yankho litapezeka linali lodabwitsa: kemikolo imene imayabwitsa khungu ndi yomweyo imene ubongo umagwiritsa ntchito kuti munthu akhale maso. Dzina lake ndi histamine.

Anatchuka ndi zoipa

Thupi limadzipangira lokha histamine kuchokera ku histidine, kachigawo ka mapuloteni opezeka mu nyama, nsomba, nyemba ndi mtedza. Wambiri amasungidwa m'maselo achitetezo amene ali pakhungu, m'mphuno, m'mapapo ndi m'matumbo. Udzudzu ukaluma, kapena mungu wa maluwa ukalowa m'mphuno mwa munthu amene sayanjana nawo, maselowa amakhuthula histamine yense nthawi imodzi. Timitsempha ta magazi timafutukuka, madzi amadutsira kunja kwake, pamalopo pamafiira, pamatupa ndi kuyamba kuyabwa. M'mimba namo, histamine ndi amene amachititsa kuti asidi wogaya chakudya atuluke.

Mu 1910 Henry Dale ndi Patrick Laidlaw, ku London, anabaya nyama ndi histamine ndipo zinaonetsa zizindikiro zofanana ndi za ziwengo zoopsa zija zimene zimabanikitsa. Kuyambira pamenepo histamine anaoneka ngati mdani, ndipo mpikisano wofuna mankhwala omugonjetsa unayamba. Mu 1937, ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris, Daniel Bovet ndi wophunzira wake Anne-Marie Staub anapeza mankhwala oyamba amene anateteza mbira ku histamine, ngakhale anali aululu kwambiri moti munthu sakanamwa. Oyamba kuperekedwa kwa anthu anatuluka ku France komweko mu 1942. Chaka chotsatira George Rieveschl wa ku yunivesite ya Cincinnati, ku America, anapanga diphenhydramine, amene anayamba kugulitsidwa mu 1946 pa dzina la Benadryl. Posakhalitsa kunabwera promethazine, wodziwika kuti Phenergan, ndi chlorpheniramine, yemwe ndi Piriton uja.

Onsewa anali ndi khalidwe limodzi: ogonetsa. Madokotala ankangolemba kuti ndi vuto lobwera ndi mankhwalawo, basi. Dokotala wina wa maopaleshoni wa ku France, Henri Laborit, anapezerapo mwayi n'kumapatsa odwala promethazine kuti mitima ikhale pansi asanalowe kuchipinda cha opaleshoni, ndipo ntchito yakeyo inatsegula njira ya chlorpromazine, mankhwala amene anasintha kasamalidwe ka matenda a maganizo kuyambira mu 1952. Koma chifukwa chenicheni cha tuloto palibe ankachidziwa, pakuti panthawiyo ochepa okha ndi amene ankaganiza kuti mu ubongo mungakhale histamine wogwira ntchito.

Odwala a ku Vienna

Mbali ina ya yankho inali itapezeka kale, kungoti kumalo ena ndiponso pa nkhani ina. Chakumapeto kwa 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, dokotala wa minyewa Constantin von Economo anayamba kulandira odwala achilendo m'chipatala cha ku Vienna. Ankagona usana ndi usiku, ena kwa milungu yathunthu. Akawagwedeza ankadzuka, n'kuyankha mafunso molongosoka, koma akangowasiya ankabwerera kutulo, ena chakudya chili mkamwa. Panalinso kagulu kena kochepa kamene matenda omwewo anakalanda tulo, moti kankangokhala maso mpaka kulefukiratu.

Mu 1917 von Economo anawatcha matendawa encephalitis lethargica. Si kaodzera wofalitsidwa ndi kashembe amene amapezeka ku Nkhotakota ndi ku Rumphi. Awa anali matenda ena otupitsa ubongo, amene anafalikira m'mayiko ambiri mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Von Economo anapima ubongo wa odwala amene anamwalira ndipo anaona kuti mabala sanali paliponse. Anaunjikana chapafupi ndi hypothalamus, kachigawo kolemera magalamu pafupifupi 4 kamene kali pansi pa ubongo. Ogona mosalekeza aja anali ataonongeka chakumbuyo kwa kachigawoka. Osowa tulo anali ataonongeka chakutsogolo.

Iye anati ndiye kuti kumbuyoko kuli chinachake chosunga munthu ali maso, ndipo kutsogoloko kuli chinachake chobweretsa tulo. Anamwalira mu 1931 asanadziwe kuti chinachakecho n'chiyani. Mu 1946 Walle Nauta wa ku Netherlands anatsimikizira mfundoyi pa makoswe, koma maselo enieniwo anakhalabe obisika.

Anadzaoneka mu 1984. Magulu awiri a ofufuza, lina la Pertti Panula wa ku Finland ndipo lina la Takehiko Watanabe ndi Hiroshi Wada ku Osaka, ku Japan, anapeza njira yopaka utoto maselo a ubongo opanga histamine. Onse anapezeka malo amodzi okha, otchedwa tuberomammillary nucleus, kumbuyo kwa hypothalamus, dera lomwe lija von Economo analoza. Ndi ochepa zedi. Ofufuza ena anawerenga pafupifupi 64,000 mu ubongo wa munthu, pamene ubongo wonse uli ndi maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni. Koma timinyewa tochokera m'maselo ochepawa timayanga pafupifupi ubongo wonse, mpaka kutsikira mu msana.

Ntchito yake ndi kugwira munthu asabwerere

Mzinda wa Lyon, ku France, ndi kumene ntchito ya maselowa inaonekera bwino. Kumeneko, mu labotale ya katswiri wa za tulo Michel Jouvet, Jian-Sheng Lin anaonetsa mu 1988 kuti amphaka akapatsidwa mankhwala oletsa ubongo kupanga histamine amagona kwambiri. Kenako anzake analowetsa timawaya tating'onoting'ono mu ubongo wa mbewa kuti amve maselowo akugwira ntchito. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2006, zinasonyeza kuti mbewa ikakhala tcheru maselowa amatumiza uthenga mosadukiza. Ikayamba kuwodzera amazilala, ndipo tulo tisanafike n'komwe amakhala atasiyiratu. Nthawi yonse ya tulo amakhala chete, ngakhale pa tulo ta maloto pamene mbali zina za ubongo zimatanganidwa ngati masana.

Panalinso kanthu kena kochititsa chidwi. Mbewa ikamadzuka, maselo a histamine sanali oyamba kuyaka. Ankayamba ntchito mbewayo itadzuka kale. Izi zikusonyeza kuti histamine si amene amadzutsa. Iye amabwera pambuyo kudzagwira wodzukayo kuti mutu uyere, asabwererenso.

Umboni wooneka ndi maso unachokera ku mbewa zimene asayansi anazichotsera mphamvu yopanga histamine zisanabadwe. Pa kafukufuku wa mu 2002 wa gulu la ku Lyon lomwelo, mbewazi zinkaoneka zabwinobwino, ndipo powerengetsa maola a tsiku lonse zinkagona pafupifupi mofanana ndi zinzake. Kusiyana kunaonekera pamene anazisamutsira m'khola latsopano. Mbewa wamba ikaikidwa malo achilendo imanunkhiza ngodya iliyonse, imakwera apa, imakanda apo, ndipo imatha maola awiri kapena atatu osagona. Zopanda histamine zinkangoyendayenda pang'ono, patangopita mphindi zowerengeka n'kudzipinda, tulo. Chimodzimodzinso magetsi akazima, nthawi imene mbewa zimayamba kusakasaka chakudya: zinzake zili yakaliyakali, izo zinkachedwa kutakasuka.

Choncho histamine amafunika kwambiri pamene pali chachilendo chofuna kuti nyama kapena munthu atchere khutu ndi kupenyetsetsa. Mbewa yogona pamalo amene sinawadziwe bwino, kutchire ikanagwidwa ndi kadzidzi tsiku loyamba.

Mbali ziwiri zolimbana

Nanga chimene chimazimitsa maselowa usiku n'chiyani? Mu 1996 Jonathan Sherin ndi Clifford Saper, ku Boston, anapeza kagulu kena ka maselo kutsogolo kwa hypothalamus, kotchedwa VLPO, kamene kamagwira ntchito nyama ikagona. Timinyewa take timapita molunjika ku maselo a histamine n'kukathira makemikolo awiri oziziritsa, GABA ndi galanin. Apa mfundo yachiwiri ya von Economo inatsimikizika: odwala ake osowa tulo aja anali ataonongeka dera limeneli.

Mbali ziwirizi zimaponderezana. Ya tulo ikakula mphamvu imatontholetsa ya maso, ya maso ikakula mphamvu imatontholetsa ya tulo. Saper anaziyerekeza ndi siwichi ya magetsi, imene imakhala yoyatsa kapena yozimitsa koma siima pakati. N'chifukwa chake munthu wathanzi sakhalitsa pakati pa tulo ndi maso. Amatha kugubuduka pabedi kwa nthawi, koma tulo tikabwera timabwera kamodzin'kamodzi.

Ku mbali ya maso histamine sali yekha. Amagwira ntchito limodzi ndi noradrenaline, serotonin, acetylcholine ndi orexin, n'chifukwa chake mbewa zopanda histamine zija sizinagone tsiku lonse. Chimene chimapendeketsa siwichiyo madzulo ndi wotchi ya m'thupi, imene imatsatira kuwala kwa dzuwa, komanso kemikolo yotchedwa adenosine, imene imaunjikana mu ubongo munthu akakhala maso nthawi yaitali ndipo imafooketsa maselo osunga munthu ali maso, kuphatikizapo a histamine. Kafeini wa mu khofi ndi tiyi amatchinga adenosine kuti asamveke. Kutopa kumakhala kulipobe, kungoti uthenga wake sukufika.

Akale ndi atsopano

Histamine amagwira ntchito pokakamira pa timalo tolandirira tokhala pa maselo. Pali mitundu inayi ya timaloti, H1, H2, H3 ndi H4. Ta H1 ndi timene timayambitsa kuyabwa ndi kuyetsemula, ndipo ndi tomwetonso timene timachangamutsa maselo a ubongo. Piriton amakhala pa H1 kuti histamine asowe pofikira. Iye sasankha kuti apa ndi pamphuno, apa ndi pa ubongo.

Ubongo uli ndi mpanda wake wosefa zinthu zochokera m'magazi. Histamine wa pakhungu kapena wa m'chakudya sadutsa mpandawu, ndiye chifukwa chake ubongo umapanga wakewake. Koma mankhwala akale aja, chlorpheniramine, promethazine ndi diphenhydramine, amasungunuka mosavuta m'mafuta ndipo amadutsa popanda chowaletsa. Atsopano, monga loratadine, cetirizine ndi fexofenadine, amalowa pang'ono chabe, ndipo ena akalowa amakankhidwira kunja. Kazuhiko Yanai ndi anzake a ku yunivesite ya Tohoku, ku Japan, anajambula ubongo wa anthu ndi makina a PET n'kupeza kuti mankhwala akale amatha kutseka theka kapena kuposa la timalo ta H1 ta mu ubongo, pamene fexofenadine satseka pafupifupi kalikonse. Cetirizine ali pakatikati, ndipo anthu ena amawodzera naye. Gulu lomweli linapezanso kuti munthu akamwa diphenhydramine pogona, mmawa wake pafupifupi theka la timalo tija timakhala tikadali totsekeka. Mutu wolemera wa mmawa uja umachokera pamenepo.

Choopsa chachikulu n'chakuti womwayo sadzidziwa. Mu 2000, ku yunivesite ya Iowa, madalaivala 40 anaikidwa m'makina oyeserera kuyendetsa galimoto. Tsiku lina ankapatsidwa mamiligalamu 50 a diphenhydramine, tsiku lina fexofenadine, tsiku lina mowa wokwanira kufika pa 0.1 peresenti m'magazi, tsiku lina kapilitsi kopanda mankhwala. Atamwa diphenhydramine anayendetsa moipa kuposa pamene anamwa mowa. Atamwa fexofenadine anayendetsa ngati sanamwe kanthu. Ndipo atafunsidwa ngati akumva tulo, mayankho awo sanagwirizane kwenikweni ndi mmene anayendetsera: ena amene ankati ali bwinobwino ankasempha mzere wa msewu. Kwa dalaivala wa minibasi, wa kabaza wa njinga yamoto kapena woyendetsa chigayo, mawu akuti "ine sandigonetsa" si umboni wodalirika.

Ana a sukulu nawo amakhudzidwa. Kafukufuku wa ku Britain wa mu 2007, pa achinyamata oposa 1,800 olemba mayeso a GCSE, anapeza kuti amene anamwa mankhwala ogonetsawa pa nthawi ya mayeso ndi amene ankatsika giredi kawirikawiri poyerekeza ndi mmene anakhozera pa mayeso oyeserera. Mu 2013 bungwe la WHO linachotsa chlorpheniramine pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira a ziwengo n'kuikapo loratadine.

Pofuna tulo

Poona kuti amagonetsa, anthu ambiri amawasandutsa mankhwala a tulo, ndipo m'mayiko ena diphenhydramine amagulitsidwadi pa ntchito imeneyi. Koma ubongo umazolowera msanga. Pa kafukufuku wa mu 2002, amuna athanzi amene ankamwa diphenhydramine kawiri pa tsiku anawodzera kwambiri tsiku loyamba, koma pofika tsiku lachinayi sankasiyananso ndi amene ankamwa kapilitsi kopanda mankhwala. Mphamvu yogonetsa imatha, zovuta zina n'kutsala. Mankhwala akalewa amatchinganso acetylcholine, zimene zimaumitsa mkamwa, kudzimbitsa, kuvutitsa pokodza makamaka kwa abambo achikulire, ndiponso kusokoneza mutu kwa okalamba. Madokotala a okalamba ku America anawaika pa mndandanda wa mankhwala oyenera kupewedwa kwa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo.

Kwa ana nkhaniyi ndi yaikulu kuposa pamenepa. Pali makolo ndi olera ana amene amapatsa mwana Phenergan kapena Piriton wamadzi kuti asavute pa ulendo kapena usiku. Ana ena m'malo mogona amabalalika n'kumalira usiku wonse. Choopsa kwambiri n'chakuti promethazine amatha kufooketsa kapumidwe ka khanda mpaka kufa, moti saloledwa kwa mwana wosakwana zaka 2. Ku Britain, kuyambira mu 2009, mankhwala a chifuwa ndi chimfine okhala ndi zogonetsazi saperekedwa kwa ana osakwana zaka 6.

Amene anakula nthawi ya chloroquine, Malawi isanamusiye mu 1993, amakumbukira kuyabwa kwake kosagonetsa ndi Piriton amene ankaperekedwa limodzi naye. Mu 2009 ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins anapeza kuti chloroquine amayabwitsa podzera njira yakeyake ya m'minyewa, yosadalira histamine, monganso amachitira chitedze. Zikuoneka kuti mpumulo umene ambiri ankaupeza unali wa tulo kuposa wa pakhungu.

Kutchinga H1 kumafotokozanso chifukwa chake mankhwala ena a matenda a maganizo, monga amitriptyline, mirtazapine ndi chlorpromazine, amagonetsa ndi kukulitsa chilakolako cha chakudya, ndipo kawirikawiri dokotala amalangiza kuti azimwedwa usiku.

Kwa amene tulo timawagwera masana

Ngati kutchinga histamine kumagonetsa, kumuchulukitsa kuyenera kugalamutsa. Ganizo limeneli lathandiza anthu odwala narcolepsy, matenda amene amagwira pafupifupi munthu mmodzi pa 2,000 alionse. Wodwalayo tulo timamugwera mwadzidzidzi masana, pakati pa kucheza kapena kudya, ngakhale atagona mokwanira usiku. Ambiri amakhalanso ndi vuto lina: akaseka kwambiri kapena kudzidzimuka ndi chimwemwe, mawondo amagweduka, nsagwada imalendewera, amagwa pansi osatha kusuntha, koma akumva zonse zimene zikuchitika. Kusukulu ndi kuntchito anthu otere amatchedwa aulesi kwa zaka zambiri matendawo asanadziwike.

Gwero lake linadziwika orexin atapezeka mu 1998. Emmanuel Mignot wa ku Stanford, amene ankaweta agalu obadwa ndi matendawa, ndi Masashi Yanagisawa ku Dallas, amene ankafufuza pa mbewa, anaonetsa mu 1999 kuti vuto lili pa orexin. Mu 2000 kunapezeka kuti odwala ambiri anataya pafupifupi 90 peresenti ya maselo opanga kemikoloyi. Ina mwa ntchito za orexin ndi kulimbikitsa maselo a histamine ndi anzake kuti asazime mwachisawawa. Iye akasowa, munthu amangogwera uku ndi uku pakati pa tulo ndi maso.

Agalu aja anaphunzitsanso asayansi kanthu kena. Galu wotere akaona chakudya chimene amachikonda amagwa pansi thupi lonse lili lobodoka, maso okha akutsatira mbale. Mu 2004 gulu la Jerome Siegel ku Los Angeles linapeza kuti pa nthawi yogwayo maselo a noradrenaline amasiyiratu ntchito, a serotonin amazilala, koma a histamine amapitiriza ngati masana. Minofu imakhala itagona, pamene galuyo akuona ndi kumva. Umenewu ndi umboni wina wamphamvu wakuti histamine amagwirizana ndi kuzindikira zimene zikuchitika, osati ndi mphamvu za minofu.

Njira ya mankhwala inachokera ku Paris. Mu 1983 Jean-Michel Arrang, Monique Garbarg ndi Jean-Charles Schwartz anapeza H3, kamalo kolandirira kamene kali pa maselo a histamine eni akewo. Histamine akachuluka amakakamira pa H3, ndipo selo limachepetsa kutulutsa wina. Schwartz ndi anzake anaganiza kuti kutchinga H3 kungachititse maselowo kutulutsa histamine wambiri. Panapita zaka 33 kuti ganizoli lisanduke mankhwala: pitolisant, wogulitsidwa pa dzina la Wakix, anavomerezedwa ku Ulaya mu 2016 ndipo ku America mu 2019. Amachepetsa tulo ta masana komanso kugwa kuja, ndipo mosiyana ndi mankhwala ena ogalamutsa monga amphetamine, ku America sanaikidwe m'gulu la mankhwala oyang'aniridwa mwapadera poopa kuti anthu angawazolowere. Odwala amauzidwa kumwa kamodzi pa tsiku, mmawa akangodzuka, chifukwa madandaulo amene amamveka kawirikawiri kwa omwa mankhwalawa ndi mutu, nseru ndi kusowa tulo usiku.